Kompyuta ikakomoka, wolakwa ndani?

Amene anagwirapo ntchito ndi kompyuta pa Balaka kapena pa Liwonde m'mwezi wa Okutobala akudziwa mmene zimakhalira. Uli m'kati molemba kalata kapena kusindikiza mafunso a mayeso, mwadzidzidzi sikirini yonse yasanduka yabuluu, pali timawu tachizungu ndi manambala osadziwika mutu wake, kenako makinawo azima n'kuyakanso okha ngati palibe chachitika. Mwini wake amati yagwidwa vairasi. Wokonza amati tiifomate. Nthawi zina amalondola, koma kawirikawiri onse awiri amakhala ataphonya, ndipo kuti tione pamene aphonyera tiyenera kubwerera kutali, kompyuta isanaponde n'komwe m'dziko muno.

Makompyuta oyambirira akawonongeka, chowonongekacho chinkaoneka ndi maso. ENIAC, imene inaonetsedwa ku Philadelphia mu 1946, inali ndi mababu apadera agalasi pafupifupi 18,000, ndipo limodzi likapsa amisiri ankalisaka mpaka kulipeza n'kuikapo lina. Pa 9 Seputembala 1947, anthu ogwiritsa makina otchedwa Mark II ku Harvard anapeza kadziwotche atapanikizika pakati pa tizitsulo ta switchi ina. Anamuchotsa, n'kumumata ndi tepi m'buku la zochitika, n'kulembapo nthawi ndi malo amene anamupeza. Buku limenelo lilipo mpaka lero ku Smithsonian, ku Washington. Anthu amaikonda nkhaniyi chifukwa cha kachilomboko, koma ine chimandigwira mtima ndi bukulo. Anthu amenewo anali ndi chizolowezi cholemba chilichonse chachitika asanakhudze kanthu.

Zaka zomwezo Richard Hamming wa ku Bell Labs ankasiyira makina ntchito Lachisanu, pobwera Lolemba n'kupeza kuti anangoima panjira ataona kuti nambala ina yasokonekera. Anatopa nazo. Anadzifunsa kuti ngati makina akutha kuzindikira kuti palakwika, akulephera bwanji kuloza pamene palakwikapo n'kukonza? Mu 1950 anafalitsa njira yowonjezera timanambala tolondera pa zimene makina asunga, kuti kachidutswa kamodzi kakatembenuka kadziwike n'kubwezeredwa. RAM yotchedwa ECC, imene imapezeka m'maseva a mabanki ndi makampani akuluakulu, ndi mdzukulu wa nzeru imeneyo. Makompyuta ambiri a m'maofesi ndi m'nyumba zathu alibe. Mwa iwo nambala ikasokonekera palibe amene amadziwa, mpaka china chake chitagwa.

Chimene chimagwacho ndi kernel. Makompyuta atayamba kugwira ntchito zingapo nthawi imodzi, panafunika pulogalamu imodzi yokhala pakati, yogawira zinzake malo m'RAM, nthawi pa purosesa ndi mpata wolemba pa disiki. Taganizirani pa Nkaya, m'boma la Balaka, pamene pamakumana njanji yochokera ku Limbe, yopita ku Salima, yodzera ku Liwonde kupita ku Nayuchi, ndi ina yochokera ku Moatize. Woyang'anira mphambano yotere sakoka ngolo ngakhale imodzi, koma palibe sitima imene imadutsa iye osavomera. Tsono tiyerekeze kuti buku lake likuti njanji ina ilibe kanthu, pamene maso ake akuona sitima itaima pomwepo. Sangadziwe pompopompo ngati lanama ndi buku kapena wina wapatutsa sitima molakwika. Chanzeru n'kuimitsa zonse. Kernel imachitanso chimodzimodzi. Ikapeza kuti zimene ikukhulupirira sizikugwirizana ndi zimene zilipo, imaimitsa makina dala, poopa kuti ikapitiriza ilemba zinyalala pamwamba pa mafayilo abwino.

Dzina la kuima kumeneku linachokera ku Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba ku Bell Labs mu 1969. Tom Van Vleck, amene ankagwira ntchito pa pulogalamu ina yoyendetsa makina yotchedwa Multics, anasimbapo kuti anauza Ritchie kuti pafupifupi theka la zimene iye ankalemba linali lothandiza makina kudzuka pakachitika vuto. Ritchie anamuyankha kuti iwo zonsezo anazisiya: pakavuta pali kachigawo kotchedwa panic, makina amagwa, munthu n'kufuula kuti wina akawayatsenso. Mpaka lero Linux ndi macOS zikaima zimati kernel panic. Windows inasankha chinsalu chabuluu, chimene m'maonekedwe ake enieni chinabwera ndi Windows NT mu 1993. Mayina asiyana, koma nkhani ndi imodzi, ndipo vuto lake lilinso limodzi. Uthengawo umanena pamene kernel yagwera. Amene waikankha sumutchula. Mutu ukakula sulewa nkhonya: wonenedwa amakhala Windows, kapena Linux, ngakhale tsiku limene wolakwa ndi kachitsulo ka makwacha ochepa.

Azungu aja asanayambe n'komwe kukambirana za panic, kuno kunkamangidwa chinthu china chimene chinadzalowa m'nkhani yomweyi. Mu 1965 pa Liwonde anatseka Shire ndi baraji yowongolera madzi otsika kuchokera m'nyanja, ndipo chaka chotsatira makina a pa Nkula anayamba kupanga magetsi. Kenako kunabwera Tedzani ndi Kapichira. Kuyambira nthawi imeneyo magetsi ambiri a dziko lino amadalira madzi odutsa pansi pa mlatho wa pa Liwonde, pamodzi ndi namasupuni ndi zinyalala zimene amanyamula. Kompyuta iliyonse yolumikizidwa pakhoma m'Malawi muno imamwa kuchokera pamenepo.

Koma tisathamange. Mu 1978 Timothy May ndi Murray Woods a ku Intel anapeza chinthu chimene chinasokoneza amisiri onse. Tchipi cha RAM chimatha kulakwitsa kamodzi, kenako n'kugwira bwinobwino ngati sichinalakwepo. Choyambitsa chinali tizidutswa tochepetsetsa ta uranium ndi thorium m'zokutira tchipicho, timene tinkatulutsa mphamvu yokwanira kutembenuza 0 kukhala 1. Chaka chotsatira a ku IBM anaonetsa kuti cheza chochokera kuthambo chingachitenso zomwezo. Mu 2003, pa chisankho ku Schaerbeek m'dziko la Belgium, makina anapatsa munthu wina mavoti owonjezera 4,096, nambala imene imatuluka ndendende kachidutswa kamodzi kakatembenuka, ndipo ofufuza anakaikira zomwezi. Kuyambira pamenepo babu lopsa loloza ndi chala linatha. Chitsulo chikhoza kunama lero, mawa n'kunena zoona. Komabe wokonza wa pa Balaka asadzakuuzeni kuti kompyuta yanu yagwetsedwa ndi cheza cha kuthambo. Kwathu kuno adani ali pafupi kwambiri kuposa pamenepo.

Njira imene amisiri abwino amagwiritsa mpaka lero inakhwima m'zaka za m'ma 1990. Linus Torvalds atatulutsa Linux ku Helsinki mu 1991, anthu ambiri anayamba kudzimangira okha kernel pa makompyuta otchipa a kunyumba. Ntchito imeneyo imapanikiza purosesa ndi RAM kwa nthawi yaitali, ndipo ena ankaona ikuduka panjira ndi uthenga wakuti signal 11. Akayambiranso, inkaduka pena. Akayesa kachitatu, penanso. Apo ndi pamene anazindikira lamulo losavuta koma lolemera: pulogalamu yolembedwa molakwika imapunthwa pa chitsa chomwechomwecho nthawi zonse, pamene chitsulo chodwala chimagwetsa makina paliponse, lero apa, mawa apo. Mu 1994 Chris Brady anatulutsa Memtest86, kapulogalamu kamene kamayaka pakokha popanda Windows kapena Linux, n'kumalemba manambala m'RAM yonse ndi kuwawerenganso mobwerezabwereza kuti kaone ngati abwerera mmene anapitira. Chaka chomwecho mphunzitsi wa masamu Thomas Nicely anapeza kuti purosesa ya Pentium ikulakwitsa kugawa manambala ena, ndipo Intel inataya madola 475 miliyoni kusinthira anthu. Ngakhale tchipi chatsopano chochokera kufakitale si mboni yosanama.

Mu Epulo 1998, Bill Gates ali pamaso pa khamu ku Chicago kuonetsa Windows 98, mnzake analumikiza sikana, sikirini n'kusanduka yabuluu anthu onse akuona. Apa tikupeza wokaikiridwa wachitatu, amene ali pakati pa pulogalamu ndi chitsulo: driver, kapulogalamu kophunzitsa kernel kulankhula ndi printa, modemu kapena khadi ya zithunzi. Driver amakhala m'nyumba imodzi ndi kernel, moti akapunthwa amagwa naye limodzi. A Microsoft eniake amanena kuti mwa kugwa 100 kulikonse kumene anaunika, pafupifupi 70 kumachokera kwa ma driver olembedwa ndi makampani ena, 10 ku zitsulo, 5 ku zolemba zawo, ndipo 15 sikudziwika chifukwa RAM imakhala yasokonekera kwambiri. Ziwerengerozi ndi za dziko lonse lapansi, kumene makina ambiri amakhala m'zipinda zozizira ndi magetsi okhazikika. Sindikhulupirira kuti 10 ameneyo angakhale 10 m'chipinda chofolera malata chopanda siling'i cha pa Ulongwe.

Chaka cha 1998 chomwecho Balaka inapatulidwa ku Machinga n'kukhala boma palokha. Maofesi atsopano, nyumba yosindikiza mabuku ya Montfort, masukulu, mabungwe, kenako timasitolo totaipa makalata ndi kufotokopa, zonsezi zinafuna makompyuta. Ambiri amene anthu wamba anakwanitsa kugula anali akaunjika, otsika kuchokera ku Ulaya kapena ku Joni atagwira kale ntchito zaka zingapo. Tsoka lake, pakati pa 1999 ndi 2007 mafakitale ena anatulutsa ma capacitor ambirimbiri okhala ndi madzi osakanizidwa molakwika m'kati mwake. Capacitor ndi kachitini kakang'ono kamene kamasalaza magetsi asanafike ku purosesa. Oipawo ankafufuma pamutu, kutuluka zonyansa, n'kuyamba kudutsitsa magetsi ogwederagwedera. Makina otere sankafa kamodzi. Ankayamba kukomoka apo ndi apo, makamaka akatentha. Eni ake kunjako akawataya, ena mwa iwo ankakwera chombo kudzathera kuno, kumene kutentha sikusowa.

Anthu oyamba kulimbana ndi vutoli moganiza bwino m'dziko muno anali a zaumoyo. Mu 2001 Gerry Douglas, amene anayambitsa Baobab Health, anaika makina olembera odwala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Sanagule makompyuta a pa desiki. Anatolera timakina totchedwa i-Opener, timene kampani ina ya ku America inalephera nato malonda, n'kutiika sikirini yodina ndi chala. Timakinato tinalibe fani yokoka fumbi, tinalibe disiki yozungulira, tinkadya magetsi ochepa, ndipo magetsiwo ankadzera mu waya wa netiweki kuchokera ku mabatire akuluakulu. Magetsi a pakhoma ankangodzaza mabatirewo. Akazima, namwino sankadziwa n'komwe. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, njirayi inakula n'kufalikira m'zipatala zambiri. Chimene anthu amenewa anachita ndi kuchotsa zifukwa zogwetsera makina zisanayambe: fumbi, kutentha, magetsi osinthasintha. Sanadikire kuti kernel igwe kenako azifunsa chifukwa.

Kunja kwa zipatala zinthu zinapita njira ina. Chaka china m'nyengo ya mayeso ndinkapita pafupipafupi ku kasitolo kena kosindikiza pa Balaka. Kompyuta ya pamenepo inali itafomatidwa katatu m'mwezi umodzi ndi mnyamata wina wodziwa ntchito yake ndithu, koma wothamanga. Ulendo uliwonse ankatenga ndalama yake n'kumapita, pakatha masiku awiri chinsalu chabuluu n'kubwerera. Mwini sitolo anaitana bambo wina wachikulire amene anayamba ndi kukonza mawayilesi. Bamboyo sanatulutse flash. Anakhala pa benchi n'kufunsa.

"Mayi, imagwa nthawi yanji?"

"Masana, bambo, dzuwa likafika pamutu. M'mawa imagwira bwinobwino."

"Nanga zimene imalemba zimakhala zomwezomwezo?"

Mayiwo sanadziwe, koma mwana wawo anali atajambula kawiri ndi foni. Chithunzi china chinali ndi mawu akuti MEMORY_MANAGEMENT, chinzake IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL. Bambo aja anangogwedeza mutu n'kupempha sikuludiraiva. Atatsegula, fani ya purosesa inali itavala fumbi lokhuthala ngati thonje, m'ngodya muli mazira a nalimata, ndipo ma capacitor awiri pafupi ndi purosesa anali atatupa pamutu, ali ndi zouma zofiirira ngati nkhoko za m'poto. Anapukuta ndi burashi, anazula RAM n'kuipukuta m'mano, anachotsa ma capacitor awiri pa motherboard ina yakufa n'kuwotcherera. Ndiye anayatsa Memtest86 n'kunena kuti isakhudzidwe mpaka m'mawa. Usiku umenewo magetsi anazima, moti anayambiranso usiku wotsatira. Mayiwo anadandaula kuti masiku awiri apita osagwira ntchito. "Mayi, kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero bamboyo, akulongedza zida zake m'jumbo. Kompyutayo inamaliza nyengo yonse ya mayeso osagwanso. Zimene sizinabwerere ndi makalata ofunsira ntchito a makasitomala, amene anapita ndi kufomata koyamba.

Sindikumunyoza mnyamata uja. Kufomata kumathandizadi vuto likakhala la driver woipa kapena mafayilo owonongeka, ndipo kasitomala amafuna makina ake lero. Koma kufomata kumapsereza umboni. Windows ikamagwa imasiya kafayilo kakang'ono m'foda ya Minidump, kamene pulogalamu ya WinDbg imatha kuwerenga n'kutchula driver amene anali pantchito nthawi imeneyo. Mafayilo asanu akatchula dzina limodzi, wolakwa wapezeka. Akatchula mayina asanu osiyana, yang'anani RAM, kutentha ndi power supply. Pali uthenga wina, WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR, umene pa Linux mnzake ndi machine check: apo ndi purosesa yeniyeniyo ikudziulula kuti yaona cholakwika m'zitsulo, ndipo kufomata sikungathandize ngakhale mutabwereza kakhumi. Winanso amene amasocheretsa ambiri ndi Kernel-Power 41 wa mu Event Viewer. Ameneyu sanena kuti kernel yadwala. Amangonena kuti makina anazima osatsanzika, zimene kwathu kuno zingatanthauze kuti magetsi anangothima. Pa Linux zolemba za kuyaka kwapitako zimaoneka ndi lamulo la journalctl, ndipo disiki nayo imasunga mbiri ya matenda ake yotchedwa SMART. Njira ina yosafuna ndalama ndi kuyatsa makinawo ndi Linux ya pa flash osakhudza disiki. Akagwabe, Windows ilibe mlandu. Ndipo posintha zitsulo amasintha chimodzi, n'kudikira. Wosintha RAM, power supply ndi disiki tsiku limodzi angachiritse makina, koma sadziwa chimene chinkadwala, ndipo mwini wake walipira zitatu.

Za magetsi zinafika poipa mu Januwale 2022, namondwe Ana atagumula damu la Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130. Kwa nthawi yoposa chaka anthu anakhalira majenereta ndi ma inveta, ngakhale kuti siteshoni yaikulu ya Phombeya, poyambira chingwe cha 400 kV chopita ku Nkhoma, ili m'boma la Balaka momwemo. Kuzima kwa magetsi pakokha kumawononga fayilo imene inkalembedwa nthawi imeneyo. Choopsa kwambiri ndi mphindi imene akubwerera, ndi magetsi ofooka a jenereta yolemedwa, ndi mphezi za mvula yoyamba. Izi zimadya power supply pang'onopang'ono, ndipo power supply yotopa imaonetsa zizindikiro zofanana ndendende ndi za RAM yoipa. Amisiri ambiri agulitsa RAM yatsopano kwa anthu amene vuto lawo linali bokosi la magetsi.

Chaka cha 2024 chinapereka zitsanzo ziwiri zoyang'anizana. Pa 19 Julaye kampani ya CrowdStrike inatumiza fayilo yolakwika ku pulogalamu yake yoteteza makina, imene imagwira ntchito m'kati mwa kernel. Makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni anagwa, ndege zinaima, mabanki ndi zipatala zinasokonekera. Koma popeza onse anagwa tsiku limodzi, pa malo amodzi, akutchula dzina limodzi, choyambitsa chinadziwika m'maola ochepa, ndipo mankhwala ake anali kufufuta fayilo imodzi. Miyezi yomweyo anthu okhala ndi mapurosesa ena atsopano a Intel, a m'badwo wa 13 ndi 14, ankaona magemu akutsekeka okha ndi makina akukomoka mosatsata dongosolo, mauthenga ena akuloza khadi ya zithunzi. Panatenga miyezi kuti Intel ivomere kuti mapurosesawo ankalandira magetsi opitirira muyezo n'kumawonongeka, ndipo inawonjezera zaka ziwiri pa chitsimikizo chawo. Lamulo la anyamata a signal 11 linagwira pa zonse ziwiri.

Lero kernel ya Linux ili m'thumba la pafupifupi aliyense wa foni ya Android pa msika wa Ntaja kapena wa Mangochi Turn-off. Foni imene imazima n'kuyaka yokha nthawi zambiri imakhala yakumana ndi zomwe tafotokozazi, ndipo kawirikawiri kuseri kwake kumakhala batire yotupa, tchaja yachinyengo kapena kusiyidwa padzuwa. Nayonso amaithamangitsira kukaiflasha, zithunzi ndi manambala n'kupita.

Tsono inu amene muli ndi kompyuta pa ofesi, pasukulu kapena pa sitolo: ikadzachita buluu, kapena chikuda monga Windows 11 yayambira kuchita, musathamangire batani. Tengani foni mujambule sikiriniyo mawu onse aoneke. Lembani tsiku, nthawi, chimene mumachita, ndiponso ngati munali pa magetsi a pakhoma, pa jenereta kapena pa sola. Ikagwa katatu mudzakhala ndi zithunzi zitatu. Kopelani mafayilo anu pa flash, mupite nazo kwa wokonza, ndipo musamulole kufomata asanatsegule bokosi n'kuyeza RAM usiku umodzi.